Malaya Ofiira a Kamunthu ka mu Gemu

Ine ndimatha kupirira. Amene amandidziwa pamsika wa pa Neno angakuuzeni kuti munthu akhoza kufinya tomato wanga yense mmodzimmodzi, n'kuchoka osagula, ine n'kumuuzabe kuti ayende bwino. Koma nkhani iyi ndikamaikumbukira kupirira kumandithera, moti panopa ndikulemba cholembera chikuboola pepala. Mukamaliza kuwerenga mukafuna kundiseka sekani, sindikuletsani. Koma muvomerenso kuti kunja kuno kuli anthu ena opanda manyazi.

Zinachitika titangolowa kumene m'ndale za zipani zambiri, nthawi imene aliyense ankayankhula zakukhosi mpaka kusasa mawu. Ndinali ndi mwana mmodzi kumbuyo, Takondwa, akuyamwabe. Ine ndinkagulitsa tomato ndi zitumbuwa, bambo ake ankalima ndi kuumba njerwa. Sitinali olemera, koma sitinkagona ndi njala.

Mng'ono wa amuna anga ankaphikira azungu ena ku Luwani, kukampu ya anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique. Nkhondo itatha, anthu aja atabwerera kwawo, azunguwo nawo ananyamuka, n'kumusiyira kanema wamng'ono woonetsa mitundu ndi kabokosi ka gemu. Iyeyo mtima unali kale ku Joni, ndiye anangodzatula zonse pakhomo pathu.

"Alamu, zisamaleni izi," anandiuza. "Mukazigwira bwino zikudyetsani."

Kwa amene simunaione gemu ya masiku amenewo, inali chonchi. Kabokosi kaja umakalumikiza ku kanema, n'kulowetsa kaseti pamwamba pake, m'manja n'kugwira kachinthu ka mabatani. Pagalasi pamatuluka kamunthu kafupi, konenepa. Ukadina batani ili kamathamanga, ukadina linalo kamadumpha. Kutsogolo kwake kuli maenje. Kakagwera m'dzenje katatu basi gemu yatha, wina alipire ayambe. Magetsi kwathu kunalibe, ndiye tinkagwiritsa ntchito batire la galimoto limene bambo a Takondwa ankakalitchajitsa kuchigayo. Ndinasesa kakhitchini kathu kakale, n'kuikamo benchi ndi mphasa, ine n'kukhala pakhomo ndi lichero la zitumbuwa, kumatolera tindalama.

Masiku oyamba kunkabwera ana okhaokha, ambiri ongodzasuzumira. Kenako tsiku lina kunatulukira a Filipo, ogulitsa nyama pamsika, bambo aakulu thupi, a mawu omveka kutsidya la mtsinje. Anabwera kudzagula chitumbuwa. Atasuzumira m'kakhitchinimo anaima, chitumbuwa chili kukamwa.

"Aaa! Si yemwe uja ameneyu?"

"Ndani, bambo?"

"Wa makhadi! Taonani malayawo. Taonani chipewacho. Kufiira konseko inu simukuona?"

Zoonadi kamunthuko kanavala zofiira. Ine ndinali ndisanaganizepo. Koma aliyense wa msinkhu wathu ankakumbukira anyamata a malaya ofiira amene ankaima pachipata cha msika n'kumafunsa khadi la chipani, wopanda khadi n'kumubweza ndi katundu wake pamutu. A Filipo anali atabwezedwapo ndi mwendo wathunthu wa ng'ombe, n'kukaununkhitsa kunyumba.

Analipira, anakhala pabenchi mpaka benchi kulira, n'kufunsa batani lothamangitsa. Lodumphitsa sanalifunse n'komwe. Anakathamangitsa kamunthu kaja molunjika kudzenje.

"Khadi lako lili kuti, iwe? Ulibe? Igwa!"

Kanagwa. A Filipo anaseka mpaka misozi. Anakagwetsanso, n'kukagwetsanso, gemu n'kutha ine ndisanamalize kumanga ndalama yawo pansonga ya chitenje. Anapisanso m'thumba.

Pofika kumapeto kwa sabata msika wonse unali utamva. Kunkabwera matelala, ogulitsa usipa, okonza njinga, ngakhale mkulu wina wa mpingo amene ankalowera kuseri kwa nyumba kuti asaonedwe. Palibe amene ankafuna kudumpha dzenje. Aliyense anali ndi mawu ake amene anawasunga m'mimba zaka zambiri, ndiye ankadzawalavulira pa kamunthu kanga. Gemu inkatha msanga, mzere unkayenda, batire linkakhalitsa, zitumbuwa zinkatha dzuwa lisanapendeke. (Apa ndi pamene munthu wanzeru akanatseka pakamwa n'kumathokoza Mulungu. Ine sukulu ndinalekezera ku pulaimale, koma si sukulu imene inandisowa apa ayi. Chinandisowa ndi makutu ogontha.)

Lamulungu lina tikutuluka m'tchalitchi anandikokera pambali Mayi Nachisale, amene nkhani zonse za m'dera lathu zimayamba zadutsa kwa iwo.

"Mayi a Takondwa, ndikukuuzani chifukwa ndimakukondani. Anthu akuti kwanu mukusunga wa malaya ofiira. Akuti nyumba yanu ndi ya chipani chakale, mukufuna kuzoloweretsa ana."

"Koma amayi, anthu amabwera kudzamugwetsa m'dzenje!"

"Eya, ndiye a chipani chakalewo akuti mukuwanyoza. Mbali zonse akukunenani. Ine ndangokuuzani."

Mawa lake tomato sanayende. (Kunali kozizira, anthu pamsika anali ochepa, koma zimenezi ndinaziganiza mochedwa.) Ndinakhala pamenepo mutu uli wewewe. Ndale sindinkazifuna, ndinkangofuna mtendere ndi makasitomala anga onse. Ndiye ndinapeza nzeru imene ndinkaiona ngati yakuya kwambiri: kamunthu kaja kangosinthidwa malaya, basi nkhani ithe.

Pa Neno ponse munthu wodziwa za mawaya anali mmodzi, a Sandalamu, okonza mawailesi. Ankakhala pakhonde la sitolo ina, tebulo lawo litadzaza mawailesi ong'ambidwa mimba, pambali kambaula kotenthetsera chitsulo chowotcherera. Tsono chimene muyenera kudziwa n'chakuti a Sandalamu ndi malume awo a amuna anga, ndiponso ndi ankhoswe a banja lathu. Munthu wotere sumuyankhula chiimirire. Umagwada, umapereka moni, umafunsa za kunyumba, ndipo mawu ako sakwera kuposa ake.

Ndinagwada, n'kufotokoza.

"Zazing'ono zimenezo," anatero asanaione n'komwe gemuyo. "Zovala zake zimakhala m'kasetimo. Timatsegula, timamuvula, timamuveka zina. Ku Blantyre amachita tsiku ndi tsiku."

"Kodi inu munachitapo, malume?"

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo. "Mayi a Takondwa, wailesi ndi gemu n'chimodzimodzi. Zonse ndi mawaya. Ndiye timuveke chiyani? Chikasu?"

"Ayi malume, chikasu chili ndi eni ake."

"Buluu?"

"Nayenso ali ndi eni ake."

"Zobiriwira?"

"Zimenezonso anthu anena. Mungomuveka zoyera, azioneka ngati wa kwaya."

Anagwedeza mutu ngati telala amene wamva sitayilo. Nditafunsa mtengo anakweza manja ngati ndawatukwana.

"Inu ndi ana anga. Ndingakutchulireni mtengo ine? Mungondipatsa ya zipangizo."

Abale anga, mawu amenewa muziwaopa. Mmisiri akakutchulira mtengo, ngakhale wokwera chotani, umadziwa pamene dzenje lathera. Koma "ya zipangizo" ilibe pansi. Ine tsiku limenelo ndinabwerera kunyumba ndikuyamikira kuti tili ndi ankhoswe a mtima wabwino. Anatinso tibweretse zonse, kabokosi, kaseti, kanema ndi batire lomwe, kuti aziyesa akamakonza. Bambo a Takondwa ananyamula okha pa njinga.

Choyamba inali ndalama ya ulendo wa ku Blantyre kukafuna kachipangizo kosinthira zovala. Ndinamasula nsonga ya chitenje. Patapita masiku ndinakafunsa.

"Mwadzuka bwanji, malume?"

"Ndadzuka, kaya inu? Kunyumba kuli mtendere? Mnyamata uja sakukuvutitsani?"

"Ayi, kuli mtendere."

"Akayamba zachibwana mudzandiuze, ndine ndinakumangani ine. Mwana akukula?"

Tinkayenda choncho, za mwana, za kumunda, za mwendo wawo umene unkawawa kukazizira, mawondo anga akuphwanya pasimenti, ndiye pomaliza ndi kamawu kakang'ono n'kufunsa za gemu. Yankho linkasinthasintha. Ulendo wina kachipangizo kanabwera koma kanali kakakulu. Ulendo wina mwini sitolo ya ku Limbe anali ku maliro. Ulendo wina ndalama inali itagwa mphamvu, zinthu zakwera, ndiwonjezere pang'ono. Ndinawonjezera. Kenako kunapita nkhuku, akuti ya munthu amene ankawaperekeza m'tauni. Nthawi yonseyi kakhitchini kanga kanali kotseka, a Filipo akudutsa tsiku ndi tsiku n'kumafunsa kuti mnzawo uja atuluka liti m'chipatala.

Tsono panali mbuzi yanga. Mayi anga ku Matandani anandipatsa nditabereka Takondwa, yathadzi, yakuda ndi banga loyera pamphumi, ndipo nthawi imeneyi inali ndi bere. Mbuzi imeneyi inali ndi ntchito imodzi: kuigulitsa mvula isanagwe kuti tigule feteleza. Munda wathu uli pamtsetse, nthaka yake inatopa kalekale, popanda feteleza sumakololamo kanthu. Pakhomo pathu aliyense ankadziwa zimenezi. A Sandalamu nawonso ankadziwa.

"Nkhani yabwino, mwana wanga," anandilandira tsiku lina. "Kachipangizo kenikeni kapezeka. Koma mwini wake akufuna ndalama yooneka, ndipo pali wina wa ku Zomba akukalimbirira. Tikachedwa kapita." Anapukuta magalasi awo. "Kodi mbuzi ija ilipo?"

Ndinakawauza bambo a Takondwa ndikuyembekeza kuti akana.

"Malume sangatidyere," anatero. "Gemu ikabwera, mwezi umodzi wokha tigula mbuzi ziwiri ndi feteleza yemwe. Mwaiwala mmene zinkalowera?"

Ndinaikoka ndekha mbuzi ija, mwana ali kumbuyo, iyo ikulira n'kumacheukira kukhola. Nditafika ndinagwada, n'kupereka chingwe ndi manja awiri. Ndipo ndinathokoza. Inde, mwawerenga bwino. Ndinati, "Zikomo malume potivutikira." (Ndikafika pamenepa ndimafuna kudzitsina.)

Masiku anapitanso. Kumwamba kunayamba kuchita mitambo, anzanga akutuluka m'sitolo ndi matumba a feteleza pa njinga. A Sandalamu pakhonde paja anayamba kusowasowa, akuti ali m'tauni kulondola kachipangizo.

Tsiku la msika wa ku Lisungwi ndinakwera matola ndi dengu la tomato, poti pa Neno anali atachuluka. Nditayala malonda anga ndinamva chiphokoso cha kuseka kuseri kwa tiyirumu ina. Kenako ndinamva kanyimbo. Kanyimbo kameneko ndinkakadziwa ngati kulira kwa mwana wanga. Ndisanaimirire n'komwe, mawu aakulu anamveka:

"Khadi lako lili kuti? Igwa!"

Ndinasiyira tomato mayi woyandikana naye n'kuzungulira kuseri. M'kachisakasa ka udzu munali anthu thithithi. Patebulo panali kanema wanga, pansi batire langa, pagalasi kamunthu kanga, malaya ake ofiira omwe aja, osasintha ngakhale batani. Pabenchi anakhala a Filipo, amene anabwera kudzagula mbuzi zokapha. Ndipo pakhomo, pamalo anga enieni, panakhala a Sandalamu ndi mbale yodzaza ndalama pamiyendo.

A Filipo ndi amene anayamba kundiona. "Aaa, mayi! Simunatiuze bwanji kuti mwatsegula nthambi kuno?"

Mukuganiza kuti ndinatani? Ndinalanda mbale ija? Ndinakuwa? M'mutu mwanga ndinachita zonsezo, ndinawagubuduziranso tebulo. Koma miyendo yanga inaleredwa bwino. Inangopinda yokha, ine n'kupezeka ndagwada pafumbi pamaso pa anthu onse aja.

"Mwaswera bwanji, malume?"

Sanadzidzimuke ngakhale pang'ono. "Ndaswera, mwana wanga. Mwatipeza tili pa ntchito yanu. Tikuyesa."

"Kuyesa?"

"Eya. Ndiyenera kuona mmene malayawa akugwedezekera akamathamanga, ndi mmene akukhalira akagwa. Apo ayi tingamusokere zothina."

"Nanga ndalamazo, malume?"

"Za batire izi. Mukuganiza kuti kuyesa n'kwaulere?"

Anthu onse ankatiyang'ana. Ndinafufuza m'mutu mawu aukali kwambiri amene mkazi angawanenere ankhoswe ake pagulu, ndipo amene ndinawapeza ndi awa: "Malume, mvula yayandikira."

"Loweruka mulandira katundu wanu," anatero, n'kutembenukira kwa wotsatira pamzere.

Loweruka anabweradi, kanema atamukulunga m'chitenje ngati mkwatibwi. Anali atalengeza pamsika, moti anthu anadzaza kakhitchini mpaka ena pawindo. Analumikiza mawaya pang'onopang'ono, n'kutsokomola, n'kuyatsa.

Kamunthu kanatuluka. Malaya ofiira panalibe, zoona. Koma sikanavale zoyera ayi. Kanali kotuwa ngati phulusa. Chipewa chotuwa, nkhope yotuwa. Thambo limene linali la buluu linali lotuwa, mitengo yotuwa, dziko lonse la m'gemumo ngati kwapsa tchire. Kasetiyo sanaitsegule n'komwe. Anangotsegula kanema wanga kumbuyo n'kuzulamo kachinthu kamene kamabweretsa mitundu. (Ndinadzamva pambuyo pake kuti kachinthuko anakakaika mu kanema wa munthu wina woonetsa mafilimu ku Lisungwi, ndipo nayenso analipira ya zipangizo.)

"Mwati wopanda chipani," anatero a Sandalamu monyadira. "Nayu. Palibe angamuloze chala ameneyu."

"Koma malume, nanga thambo? Nanga mitengo?"

"Zimenezo ndakuchitirani ulere, musadandaule. Sindikulipiritsani."

Ndinadzilimbitsa mtima kuti chabwino, kufiira kwachoka, miseche itha, ntchito iyambirenso. A Filipo analipira, anakhala pabenchi, n'kukathamangitsa kamunthu kaja monga mwa masiku onse. Kafika m'mphepete mwa dzenje, anachotsa chala. Anaweramira pagalasi.

"Kodi ameneyu ndi ndani?"

"Ndi yemwe uja, bambo," ndinatero. "Wangosintha zovala."

"Ayi, si iyeyu. Uyu akuoneka ngati munthu wotuluka kumene m'chipatala. Taonani mmene watuwira. Watilakwira chiyani ameneyu?" Anatembenuka. "Lodumphitsa ndi liti?"

Mwana wina anawalozera. A Filipo anadina, kamunthu kanadumpha dzenje bwinobwino. Anthu anaomba m'manja. Pa dzenje lachiwiri telala wina anakuwa, "Samalani a Filipo, angagwe mwana wa eni ake!" Anthu omwe aja, amene ankakagwetsa akuseka mpaka kugwira m'mimba, tsopano ankakaperekeza ngati akuwolotsa nkhalamba pamtsinje. Kakatsetsereka onse ankati "Mayo!" A Filipo anasewera ndi ndalama imodzi yomwe ija mpaka batire linafooka, chithunzi n'kuyamba kunyala m'mbali.

Basi kuyambira pamenepo zinali choncho. Amene ankabwera ankasewera mosamala, n'kuyamba kuidziwa gemuyo. Panali mphunzitsi wina amene ankafika akaweruka, n'kukhala pabenchi mpaka nkhuku kulowa, kamunthu osagwa ngakhale kamodzi, ine ndili pakhomo ndi kandalama kamodzi m'manja. Mzere unasiya kuyenda. Azibambo a pamsika anatopa n'kudikira, ndiponso analibe naye chifukwa munthu wotuwayo, ndiye anasiya kubwera. Zolowa zinayamba kuchepera ndalama yotchajitsira batire kuchigayo. Mayi Nachisale okha ndi amene anandiyamikira kuti ndachita zachikhristu. Tomato sanagule. Anali ndi dimba lawo.

Ndinabwereranso kwa a Sandalamu, ulendo uno kunyumba kwawo. Ndikugwada pabwalo ndinaona mbuzi yanga ili pachingwe kuseri kwa nkhokwe, ikudya madeya. Ku Limbe kwa mwini kachipangizo uja inali isanapiteko. Pambali pake pankadumphadumpha tiana tiwiri, kena kali ndi banga loyera pamphumi.

"Malume, ndimati mwina mumubwezere malaya ake akale aja."

"Ofiira? Omwe munkadana nawo aja?" Anapukusa mutu momvetsa chisoni. "Imeneyo ndi ntchito ina, mwana wanga. Kuvula munthu n'kosavuta, kumuveka ndiye kodula. Komabe poti ndinu ana anga, mungondipatsa ya zipangizo. Mbuzi ina muli nayo?"

Mbuzi yanga inandiyang'ana, n'kulira. Ndinatsanzika mwaulemu.

Zonse zimene ndinalephera kunena pabwalo paja ndinakazikhuthulira pa bambo a Takondwa. Ndinayambira pa chipata. Ndinawauza za mtundu wawo wonse, kuyambira malume awo mpaka amene sanabadwe. Ndinawakumbutsa za mbuzi ziwiri zimene anati tigula. Iwo anati nzeru yosintha malaya inali ya ndani? Pamenepo ndiye moto unabuka, mpaka anthu oyandikana nafe anatuluka m'nyumba. Ndinamanga zovala zanga m'chitenje, n'kubereka mwana, n'kunena kuti ndikupita kwathu ku Matandani.

"Simungachoke chonchi," anatero amuna anga ataima pakhomo. "Nkhani ya m'banja imakambidwa. Tiitane ankhoswe."

Ndinakhala pansi. Sindinadziwe kuti ndiseke kapena ndilire.

Chiyembekezo changa chinali pa malume anga, a Yotamu, ankhoswe a mbali yanga, munthu wosaopa kunena chilungamo. Ndinawatumizira uthenga, ndinapha nkhuku yanga yomaliza poti ankhoswe sakamba mlandu ndi njala, n'kuyala mphasa pansi pa mtengo wa mango. A Sandalamu anafika msanga atavala jekete. Kenako a Yotamu anatulukira panjira, akupukuta thukuta. M'khwapa ananyamula kanthu kokulunga m'nsalu. Atayandikira ndinaona mlongoti wa wailesi ukusuzumira.

"Achimwene," anatero a Yotamu akugwirana chanza ndi a Sandalamu, "ndati poti tikumana, ndingotengeratu. Yangosiya kulankhula sabata yatha, ndiye nkhani za boma zikundipita."

"Zazing'ono zimenezo," anayankha a Sandalamu. "Tikambirana tikatha apa."

Ndinadziwiratu kuti mlandu wanga wafera panjira.

Anadya nkhuku, anasamba m'manja, n'kutiuza kuti tifotokoze. Ndinafotokoza zonse mwadongosolo, maso ali pansi, osatchula dzina, ndikungoti "mmisiri amene tinamupatsa ntchito". A Sandalamu ankamvetsera akugwedeza mutu, nthawi zina n'kumati "Pepani, pepani," ngati mmisiriyo ndi munthu wa ku Mwanza amene sanamuonepo. Malume anga ankangoyang'ana wailesi yawo.

Titamaliza, a Sandalamu anatsokomola.

"Ndamva mbali zonse. Mphwanga, iwe uli ndi vuto, sumulangiza mkazi wako. Koma inu mayi a Takondwa, ndikuuzeni ngati mwana wanga. Chinthu chinkakudyetsani bwinobwino, mwamva mawu a munthu mmodzi pakhomo la tchalitchi, basi mwachitengera kwa amisiri. Chimenecho n'chibwana. Ndiye chachikulu ndi ichi." Anakweza chala. "Munthu wamkulu, mayi wa mwana, mvula ili pamphuno, mungapereke mbuzi ya feteleza chifukwa cha malaya a chidole? Mbuzi ya bere? Mukanabwera kwa ine ngati nkhoswe wanu kudzafunsa nzeru, ndikanakuletsani."

"Zoona zimenezo," anavomera malume anga.

"Ndiye mupepese kwa amuna anu, mumasule katundu wanuyo, ndipo tsiku lina muziyamba mwaganiza. Mwamva?"

Ndinayang'ana mafupa a nkhuku yanga m'mbale. Ndinayang'ana amuna anga, amene ankakanda pansi ndi kamtengo. Ndiye ndinamva pakamwa panga pakunena kuti, "Ndamva, malume."

Chaka chimenecho tinadzala popanda feteleza. Chimanga chinamera chachikasu, chinalekezera m'chiuno, tizitsononkho take ngati zala za Takondwa. Pofika miyezi ya njala ndinali m'minda ya anthu kugwira ganyu mwana ali kumbuyo, ndipo munda wina umene ndinapalira unali wa a Sandalamu, chimanga chake chobiriwira bii, chondipitirira msinkhu. Gemu ija tinaigulitsa motchipa kwa mphunzitsi uja, batire n'kusinthanitsa ndi ufa.

Kuyambira pamenepo mmisiri akanena kuti "ya zipangizo", ndimanyamula katundu wanga n'kubwerera. Wachibale ndiye sindimuyandikira n'komwe, bola mlendo amene ndingathe kumukalipira nditaimirira. Koma chimene chimandiwawa mpaka lero si njala ya chaka chimenecho ayi, njala inatha. Chimandiwawa n'chakuti pa mawu onse amene mkulu uja anandiuza kuyambira tsiku loyamba, amene ananena pansi pa mango aja okha ndi amene anali oona. Ndipo kuti ndiwamve, anandidyeranso nkhuku.